Khoma Lomwe Mfumu Inatsamira

Mu ufumu wa Tidzaona munali lamulo limodzi lomwe ngakhale mbava zinkalilemekeza: chilichonse chomwe Mfumu yatsamira sichigwetsedwa, sichidulidwa, sichisunthidwa. Ndipo poti Mfumu Mlemera Wachitatu inali ndi thupi lalikulu koma mawondo a munthu wamng'ono, inkatsamira kawirikawiri. Mumzinda waukulu wa Bweranimawa munali mtengo wa mango pakati penipeni pa msewu wa tala, magalimoto ankachita kuulambalala mwaulemu. Pabwalo la msika panali chitseko choima chokha, nyumba yake itagwa kalekale. Kunalinso ng'ombe ina yomwe inafa ndi ukalamba ili ndi msilikali woilondera, mwini wake akungomeza malovu.

Anthu oyamba kukhala m'dzikomo anali Aumba. Makolo a Mfumu atafika ndi mikondo ndi mapepala anawapeza akuumba njerwa, akumanga nyumba zomwe mvula inkazilephera. Anawathokoza kwambiri chifukwa chosamala malowo, kenako anawakankhira ku chigwa cha Chatsalira, komwe ngakhale mbuzi zimadya zikudandaula. M'makalata a boma ankawatchula kuti Eni Nthaka, ndi zilembo zazikulu. Nthakayo ndiye inalibe dzina lawo.

Chaka china nduna za Mfumu zinakhala pa msonkhano wa masiku atatu, ndipo nkhuku zitatha mumzindamo zinatulukira vuto lalikulu: pa malo onse omwe boma linkamanga panalibe Muumba ndi mmodzi yemwe wolembedwa ntchito. Nduna ya Zomanga ndi Zotsegulira, Olemekezeka a Malizeni, analira misozi yeniyeni, anthu ojambula atafika. Pomwepo panabadwa Ndondomeko ya Tiwakweze, yomwe inali ndi mfundo zitatu. Yoyamba: munthu wopanda setifiketi ya umisiri asamange chilichonse chofoleredwa ndi malata. Yachiwiri: kutsegulidwe sukulu yophunzitsa Aumba kumanga, ndipo setifiketi iperekedwe kwa yekhayo amene waonetsa khoma lomanga yekha lomwe lapirira dzinja lathunthu. Yachitatu: poti sukuluyo ili ndi njerwa zikwi ziwiri zokha, ophunzira azimangira matope, osati simenti, ndipo Lachisanu lililonse azigwetsa zomwe amanga kuti katundu wa Mfumu asawonongeke.

Mfundo iliyonse inalembedwa ndi komiti yakeyake. Panalibe amene anaziwerengapo zonse zitatu pa tsiku limodzi.

Elifala Dzimbiri analowa sukuluyo tsiku lomwe inatsegulidwa, ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu. Kwawo ku Chatsalira anali atamanga kale nyumba makumi atatu, tchalitchi, ndi nyumba ya chigayo yomwe injini inkaigwedeza tsiku ndi tsiku koma osang'aluka. Anafotokoza zonsezi kwa mkulu wa sukuluyo, a Ndasayina, bambo wovala jekete ngakhale m'mwezi wa Okutobala.

"Makomawo munawamanga muli ndi setifiketi?" anafunsa a Ndasayina.

"Ayi, bwana. N'chifukwa chake ndabwera."

"Ndiye si makoma amenewo. Khoma lomangidwa ndi munthu wopanda setifiketi ndi njerwa zongogwirizana."

Zaka khumi ndi chimodzi zinadutsa Elifala akumanga khoma limodzi lomwelo. Lolemba ankakumba maziko, Lachiwiri n'kukoka chingwe, pofika Lachinayi khoma laima chilili, levulo yoyezera kuwongoka kwake ikuvomereza mbali zonse. Lachisanu a Ndasayina ankabwera ndi kabuku, n'kuyang'ana, n'kulemba kuti "akuyesetsa", n'kuimba wenzulo. Elifala ankaligwetsa ndi manja omwe analimangawo, n'kupala matope pa njerwa iliyonse. Njerwazo ankazidziwa monga mphunzitsi adziwira ana a m'kalasi mwake. Inalipo ina yokhala ndi chidindo cha phazi la galu, yomwe galu anaiponda isanaume. Imeneyo ankaiika pakona nthawi zonse.

Musaganize kuti ophunzirawo sankafika pa ntchito zenizeni. Ankafika ndithu. Nyumba zonse za boma inkamanga ndi kampani ya Mlamu ndi Ana Ake, ndipo lamulo linkati pa ntchito iliyonse pazioneka Eni Nthaka khumi. Choncho tsiku loyendera likakwana, lole inkabwera kusukulu kudzabwereka ophunzira khumi. Ankawaveka zipewa zachikasu, kuwagwiritsa mafosholo oyera, n'kuwaimika kutsogolo kwa chikwangwani. Zithunzi zikajambulidwa, zipewa zinkabwezedwa mu katoni. Elifala anali ataonekera pa zithunzi za zipatala zinayi, mlatho ndi ndende imodzi, osakhudzako njerwa ngakhale imodzi. Ankangoyang'ana mchenga mawilibala khumi ndi awiri ukusakanizidwa ndi thumba limodzi la simenti, mtima n'kumamuwawa ngati akumuonongera mwana.

Tsono Ndondomeko ya Tiwakweze inali ya achinyamata, ndipo unyamata mu Tidzaona unkatha pa zaka makumi anayi ndi zisanu. Elifala anali woti akwanitsa zakazo mu Epulo. Dzinja lomwe linkabweralo linali lake lomaliza. Likadutsa alibe setifiketi, dzina lake lifufutidwa, ndipo mpaka imfa sadzaloledwa kumanga china choposa khola.

Lachisanu lina atagwetsa khoma anapita kumsika, komwe mkazi wake Nangondo ankagulitsa mbaula zadothi zoumba yekha, pafupi ndi chitseko chopanda nyumba chija. Anakhala pa chidebe, manja lende.

"Mwagwetsa bwino lero, bambo a Tiyese?" anafunsa Nangondo osamuyang'ana, akupukuta mbaula.

"Musandiyambe, mayi."

"Ine ndikungofunsa. Anzanga amuna awo akaweruka amanena zomwe amanga. Ine wanga amandiuza zomwe wagwetsa."

Mayi wogulitsa tomato pambali pake anaseka chikhakhali. "Musawanyoze, Nangondo. Pa anthu onse a boma ndi okhawa amene amagwetsa dala. Enawo zimangogwa zokha."

Elifala sanaseke. Anafotokoza za Epulo. Nangondo anasiya mbaula ija. Anali mayi wa pakamwa pakuthwa, koma mwamuna wakeyo ankamukonda, ndipo kumuona atafota choncho kunamupweteka.

"Khoma lanulo lilibe mwayi basi," anatero chapansipansi. "Onani chitseko ichi. Chiswe chinadya nyumba yonse, icho chili phee ndi msilikali wake. Chinachita chiyani? Kungopezeka pomwe munthu watopa."

Elifala anachiyang'ana chitsekocho nthawi yaitali. Kenako anadzuka, napempha msilikali kuti achione pafupi, ngati munthu wokonda dziko lake. Pa thabwa panali banga lakuda la mafuta pomwe panagunda msana wachifumu. Elifala anatulutsa tepi m'thumba n'kuyeza kuchokera pansi mpaka pa bangalo.

Sukulu ya Tiwakweze inkatsegulidwa chaka chilichonse. Poti inali isanatulutsepo wophunzira, mwambo wopereka masetifiketi sukanatheka, ndiye a Malizeni anaona kuti n'kwabwino kumangoitsegula mobwereza, kuti riboni ndi sizasi zisachite dzimbiri. Chaka chimenecho mwambo unali wa Lachinayi lachiwiri la Novembala, dzuwa likuphika anthu amoyo, ndipo Mfumu yeniyeniyo inali yoti idzakhalapo.

Elifala ankadziwa zinthu zitatu zomwe munthu amazidziwa akakhala pamalo zaka khumi ndi chimodzi. Ankadziwa kuti a Malizeni salankhula kochepera maola anayi. Ankadziwa kuti pabwalo la sukulupo palibe mtengo, poti yonse inadulidwa kuti chikwangwani chizioneka. Ankadziwanso kuti nsanja yokhalapo Mfumu adzamanga ndi a Mlamu ndi Ana Ake.

Sabata imeneyo sanamange pomwe ankamanga nthawi zonse. Anasuntha maziko mapazi makumi awiri, kufupi ndi nsanja, nalitembenuza khoma kuti pofika thu koloko mthunzi wake ugwere mbali ya alendo. Anakumba mozama mpaka anapeza dothi lofiira lolimba. Matope anaponda yekha, a pachulu, osakaniza ndi udzu wouma monga ankachitira bambo ake. Pamwamba anayala njerwa zotulukira kunja pang'ono kuti madzi a mvula azidontha osalowa mkati, ndipo kumbuyo anakumba ngalande. Lachitatu kunabwera Nangondo ndi dothi lakuda la kudambo, nazira mbali ya mthunzi, nakhuluza ndi mwala wosalala womwe ankasalazira mbaula zake mpaka khoma linayamba kunyezimira. Pa msinkhu wa banga lija anasiya kamalo kolowa mkati pang'ono, kokwana msana waukulu.

"Zokongoletsazi n'zachiyani?" anafunsa a Ndasayina. "Lachisanu lomweli likugwa."

"Ulemu kwa alendo, bwana."

Lachinayi linafika. Tenti siinabwere, poti inali ku chinkhoswe cha mwana wa nduna ina. Mfumu inakwera pansanja mothandizidwa ndi anthu anayi, ndipo nsanjayo inalira ngati bedi lakale. A Malizeni anaimirira, nayamba ndi kulengedwa kwa dziko.

"Mwini Dziko," anatero ola lachiwiri lili mkati, "tisanabwere ife, anthu awa sankadziwa kusiyanitsa njerwa ndi mbatata! Lero onani, avala maovolosi! Ndondomeko ino yaphunzitsa Eni Nthaka kumanga makoma zikwi zisanu ndi mazana asanu ndi awiri!"

Anthu anaomba m'manja, uku akusuzumira uku ndi uku kufuna makomawo.

Ola lachitatu, mwendo umodzi wa nsanja unayamba kumira m'nthaka pang'onopang'ono. Mpando wachifumu unapendekeka, Mfumu n'kupendekeka nawo, ndipo nduna zonse zinapendeketsa mitu kuti zisaoneke zotsutsa. Thabwa litathyoka, Mfumu inatsitsidwa msangamsanga. Inaima pa dzuwa, thukuta lili kamukamu, mawondo akunjenjemera. A Malizeni sanasiye kulankhula. Anali atangofika pa mutu wa masomphenya.

Elifala anali pamzere wa ophunzira, chipewa chachikasu kumutu. M'mawa anali atawaza madzi pakhomalo kuti lizizire. Anaona maso a Mfumu akuyendayenda pabwalo lopanda mtengo, mpaka anakaima pa kamthunzi kaja. Phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu. Msana wachifumu unalowa m'kamalo kaja ngati unabadwira momwemo. Mfumu inatseka maso n'kupumira m'mwamba.

Lipenga linalira. "Yatsamiraaa!" anakuwa mkulu wa asilikali.

Pofika madzulo khomalo linali ndi mpanda wa waya, chikwangwani ndi msilikali wake. Lachisanu a Ndasayina anafika ndi wenzulo wawo, nayang'ana khoma, nayang'ana mfuti, n'kubweza wenzulo m'thumba.

Dzinja la chaka chimenecho linabwera ndi ukali. Mvula inagwa milungu itatu yosalekeza. Mlatho wa Mlamu ndi Ana Ake unapita kukaona nyanja. Chipatala chatsopano cha ku Tidikire chinakhala pansi odwala asanalowemo, zomwe a Malizeni anati ndi umboni wa dongosolo labwino. Denga la msika linagwera kabichi. Koma khoma la matope la Elifala linaima nji, madzi akudontha m'mbali monga anakonzera, njerwa ya phazi la galu ili pakona pake. Anthu ankachoka kumsika kukaliona.

"Akuti mulibe simenti ngakhale supuni imodzi," anatero mayi wa tomato uja.

"N'chifukwa chake laima," anayankha wometa tsitsi wina wa kumsikako. "Munalibe choti abe."

Mvula itasiya, sabata imodzi lisanakwane tsiku lake lobadwa, Elifala anachapa ovolosi yake nakagogoda kwa a Ndasayina. Anati akufuna setifiketi yake: khoma analimanga yekha, lapirira dzinja lathunthu, mboni ndi mzinda wonse. A Ndasayina anatsegula buku la malamulo, nalitseka, nalitsegulanso. Pa zaka zonsezo anali asanaonepo setifiketi ndi maso, ndipo sankadziwa ngati inasindikizidwa n'komwe. Anati nkhani yaikulu chotere ndi ya ku bwalo la Mfumu.

Bwalo linadzaza. Aumba anabwera wapansi kuchokera ku Chatsalira kudzaona mwana wawo akulandira pepala. Nangondo anakhala kutsogolo, atavala chitenje chomwe ankasungira maukwati. Nduna zinali zitakumana kale m'mawa, ndipo nkhope zawo zinali zosakondwa. Zinkaona bwino lomwe vuto lake: Muumba mmodzi akalandira setifiketi afuna ntchito, akaipeza amanga nyumba yosagwa, ndipo nyumba imodzi yosagwa ikhoza kuyambitsa mafunso mu ufumu wonse.

A Malizeni anaimirira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo analankhula mwachidule.

"Bambo Dzimbiri, funso ndi limodzi. Chipatala chagwa, mlatho wapita, zonse zomangidwa ndi akatswiri komanso simenti. Khoma la matope laima. Kusiyana kwake n'kumodzi: ili Mwini Dziko analitsamira, zinazo ayi. Tsono tiuzeni pamaso pa Mfumu. Khomali laima chifukwa cha manja anu, kapena chifukwa cha msana wa Mwini Dziko?"

Panalibe wosadziwa chilango cha munthu wopeputsa chiwalo cha Mfumu: zaka khumi ku ndende ya Mudzaiwalika, yomwe mwa nyumba zonse za boma inali yokhayo yolimba, poti anaimanga Aumba kale lamulo lisanabwere. Mfumu inatsegula diso limodzi. Nayonso inkafuna kumva, chifukwa nkhani ya msana wake inali itayamba kuisangalatsa.

Elifala anayang'ana manja ake. Anali ong'aluka, zikhadabo zodyeka, chala chimodzi chopindika kuyambira tsiku lomwe njerwa inachiphwanya ali mnyamata. Manja amenewo ankadziwa yankho, ndipo munthu aliyense m'bwalomo ankalidziwa. Mkwiyo unamukwera mpaka m'makutu. Anafuna kunena za dothi lofiira, za matope a pachulu, za ngalande, za bambo ake. Kenako anaona Nangondo. Mayi wa pakamwa pakuthwa uja anali chete, akupukusa mutu pang'onopang'ono, misozi ili m'maso. Kunyumba kunali ana anayi.

"Laima chifukwa cha msana wa Mwini Dziko," anatero Elifala.

Nthungululu zinamveka, zoyambitsidwa ndi akazi a nduna. Mfumu inamwetulira, nidzisisita kumbuyo pomwe dzanja linatha kufika. A Malizeni analengeza kuti poti lamulo likuti setifiketi ipite kwa woimika khoma, bwalo lagamula kuti iperekedwe kwa Msana wa Mfumu, Giredi Wani, ndipo Ndondomeko ya Tiwakweze yatulutsa mmisiri wake woyamba. Tsikulo linakhala la tchuthi. Setifiketiyo anaisokerera kumbuyo kwa mkanjo wachifumu kuti mwini wake aziiona pafupi.

Elifala anangothokozedwa chifukwa chothandizira ponyamula njerwa. Patatha masiku ochepa anakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu, nabweza ovolosi, nasayina kuti wabweza. Aumba anabwerera ku Chatsalira mwakachetechete, iye ali pakati pawo. Panjira panalibe amene anamudzudzula, ndipo zimenezo zinamuwawa koposa.

Kumudzi anayamba kumanga zomwe lamulo linkamulola: makola a mbuzi, nkhokwe, zimbudzi zofolera udzu. Mbuzi za ku Chatsalira zinayamba kugona m'nyumba zowongoka kuposa za nduna. Nangondo anasiya kumuseka, ndipo m'nyumbamo munkamveka kuti mwasowa kanthu.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, galimoto lakuda linatsika m'chigwamo likukhula mimba pa miyala. Munatuluka a Ndasayina ndi jekete lawo. Anamupeza Elifala atagwada, akukoka chingwe pa khola la nkhumba la mayi wina wamasiye.

"A Dzimbiri! Madala! Muli bwanji kuno?" Pa zaka khumi ndi chimodzi anali asanamutchulepo ndi ulemu wotere.

"Tili bwino, bwana. Kaya inu."

A Ndasayina anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. Nkhani yake inali yakuti chipinda chogona cha Mfumu, chomwe a Mlamu ndi Ana Ake anamanga chaka chatha, chang'aluka kuchokera kudenga mpaka pansi. Mng'aluwo unayamba ngati ulusi, tsopano mphaka akudutsapo. Khomalo lapendekera mbali ya bedi. A Mlamu aliyang'ana n'kunena kuti ndi kamangidwe kamakono. Mvula ili pafupi, ndipo nduna sizikudya.

"Ndiye tati mubwere mudzatikonzere. Mwakachetechete. Mudzalowera chipata cha kumbuyo, chodzera nkhuni. Osalemba paliponse, mukudziwa lamulo lija la malata. Koma tidzakuonani bwino."

Nangondo anali atatuluka m'nyumba, dongo lili m'manja, akumvetsera. Elifala anatenga njerwa, naipaka matope, naikhazika pamzere, naigogoda kawiri ndi chigwiriro cha chipande chake chomangira.

"Bwana, ine ndi wonyamula njerwa chabe. Bwalo linagamula, inu muli pomwepo."

"Zisiyeni zimenezo, a Dzimbiri, tonse tikudziwa chilungamo chake. Khomalo likagwa ligwera Mfumu!"

Elifala anaika levulo pamwamba pa njerwa ija, natsinzina diso limodzi. Kadontho kanali pakati penipeni.

"Mukuvutikiranji kubwera kutali kuno, mmisiri wa Giredi Wani muli naye m'chipinda momwemo?" anatero. "Kawauzeni alitsamire."

Kuseri kwake Nangondo anaphulika ndi phwete, loyamba chichokereni kubwalo kuja. Elifala anatambasula dzanja natenga njerwa ina.